Fulashi yofiira ndi kompyuta yapakona

Kuno n'kwachitatu

Lachinayi lina m'dzinja, mvula itangokata, mushopu mwanga munalowa mayi wina nsapato zili m'manja. Matope a pa Nkhotakota boma mukuwadziwa. Anali mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale cha ku Mwansambo, ndipo anali atanyamuka m'bandakucha, pena pa kabaza pena pa matola. Moni tinangopatsana wapatalipatali. Anaika fulashi yofiira patebulo n'kukhala pabenchi, chikwama chili paphewa pompo.

"Achimwene, andiuza kuti inuyo muli ndi kompyuta ina yachilendo. Kaya n'zoona kaya ayi, tangoyesani. Kuno n'kwachitatu."

M'fulashimo munali mayeso oyeserera a Sitandade 8 a zoni yawo yonse. Aphunzitsi a sukulu zingapo anasonkhana kukonza mafunso, ndipo ntchito yotayipa inagwera Madamuwa. Anabwereka laputopu kwa alamu awo, anatayipa usiku milungu iwiri, ndipo poopa kuti mayeso angaululike anafufuta zonse mu laputopumo asanaibweze. Ndiye kuti thukuta lonselo linatsala malo amodzi basi, mu kafulashi kosaposa chala cha mkombaphala.

Malo oyamba kumene anapita kukapulinta, atangoibaya fulashiyo, foda iliyonse inasanduka kachizindikiro kokhala ndi kamuvi pakona. Ukadina, osatseguka kanthu. Malo achiwiri mnyamata anaiyang'ana mphindi imodzi n'kunena mawu amene tonse a ntchito imeneyi tinawanenapo: "Yadyedwa ndi vairasi iyi, Madamu. Tingoifomata." Mayeso amayamba Lolemba.

Ndinaitenga fulashi ija, ndinadutsa laputopu yanga yabwino imene ili patebulo lakutsogolo, n'kupita nayo pakona.

Mmene inafikira pakonapo

Ntchito yanga ndi imene mukuidziwa m'tauni iliyonse: kutayipa, kupulinta, fotokope, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zithunzi za pa chiphaso. Kompyuta yapakonayo ndi imene ndinayambira bizinesi, ndinaigula yogwirapo kale ntchito ku Lilongwe. Munali Windows 7 ndi memori ya 2 GB. Pofika 2020 inali itatopa. Ukaiyatsa m'mawa umatha kusesa shopu yonse, kuthira madzi pakhomo, iyo ikadali kudzuka. Chaka chimodzi chokha ndinalipira katatu kuifomatitsa, chifukwa fulashi iliyonse ya kasitomala imabwera ndi alendo ake. Komanso mu Januwale chaka chomwecho Microsoft inali itasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 7.

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mwana wa achemwali anga amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre anabwera kudzakhala nafe. Tsiku lina mu Julayi, mwera ukuwomba moti asodzi anangokoka mabwato n'kumasewera bawo, iye anakhala kumandionerera ndikulimbana ndi kompyuta ija.

"Malume, kompyutayi sinafe ayi. Yangolemedwa katundu. Mundilole ndiithire Linux."

"Linux ndiye chiyani? Windows yatsopano?"

Musandiseke. Kuno tikati Windows timatanthauza chilichonse chimene chimaoneka ukayatsa kompyuta, monga mmene sopo aliyense waufa timamutchulira Surf. Sindinkadziwa kuti kompyuta ingadzuke ndi china chake. Atandiuza kuti ndi yaulere ndiye ndinakayikiratu. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja ine, ndimadziwa kuti nyambo yaulere imakhala ndi mbedza m'kati.

Anandifotokozera ngati akulongosola mtundu wa pabanja. Mtima wake, Linux weniweniyo, anauyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki, n'kuusiya poyera kuti aliyense aone mmene unalembedwera ndi kuwonjezerapo. Mu 1993 kunabadwa Debian. Pa Debian anamangapo Ubuntu mu 2004, ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa amene kwathu kuno timati umunthu. Pa Ubuntu anamangaponso Linux Mint, kuyambira 2006. Imene anali nayo m'thumba inali Linux Mint 20, itangotuluka kumene, ya mtundu wopepuka wotchedwa Xfce, woyenera makina okalamba.

Chimene chinandigonjetsa si mbiri imeneyo. Anabaya fulashi yake, anayatsa kompyuta, ndipo Mint inadzuka kuchokera m'fulashimo osakhudza chilichonse cha m'kati. Anati ndiyese kaye, ngati sindikufuna angozula, zonse zibwerera mwakale. Ndinatayipa kalata imodzi. Mbewa inkayenda ndikaiyendetsa, osati pakapita kanthawi. Madzulo ake ndinamulola.

Koma kunena zoona, zaka ziwiri zotsatira kompyuta imeneyi ndinkachita nayo manyazi. Kasitomala akakhalapo amasakasaka chilembo cha W chabuluu chija cha pulogalamu yotayipira ya Word, akachisowa amadzuka n'kufunsa ngati ndili ndi kompyuta "yeniyeni". Ndinakongola ndalama ku banki m'khonde ya akazi anga n'kugula laputopu ya Windows 10, ndipo yakaleyo ndinaikankhira pakona, pafupi ndi makatoni a mapepala. Ndinkaigwiritsa ntchito ndekha, potayipa zinthu zazitali ndi pomvera nyimbo.

Foda yopanda dzina

Ndinabaya fulashi yofiira ija. Madamu sanadzuke pabenchi. Ndikuganiza kuti sankafuna kuonanso timivi tija kachitatu.

Zenera linatseguka. Timafayilo tachinyengo tija tinalipo, koma kuno tinaoneka maliseche, dzina lililonse likuthera ndi .lnk, ndipo kalikonse kukula kwake sikamaposa 2 KB. Pepala la mayeso lamasamba asanu silingachepe choncho. Pambali pake panali fayilo ina ya dzina la zilembo zosokonekera, yothera ndi .vbs. Ndipo pamwamba penipeni panali foda imene dzina lake linali mpata chabe, yopanda chilembo ngakhale chimodzi.

Ndinaitsegula. Chichewa. Chingerezi. Masamu. Sayansi. Zonse zili ndondondo, ndi madeti a usiku umene anazitayipa.

"Madamu, tabwerani kuno."

Anabwera pang'onopang'ono ngati akuponda minga. Ndinatsegula pepala la Masamu. Anawerenga funso loyamba milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Kenako anati, "Tatsikirani m'munsi." Ndinatsika. "Tsikaninso." Mpaka funso lomaliza, mpaka mzere wakuti mafunso athera pano. Anati titsegule lina. Tinatsegula onse, limodzilimodzi, aliyense mpaka kumapeto, ndipo nthawi yonseyo dzanja lawo linali litagwira kumsana kwa mpando wanga zolimba moti ndinkamva mpandowo ukunjenjemera. Titamaliza sananene zikomo. Anatuluka panja opanda nsapato, anaima m'matope muja n'kuimbira a PEA, mlangizi wa maphunziro wa zoni yawo. Ndinangomva akuti, "Apezeka, bwana. Onse. Apezeka."

Ine ndinatsala ndikuyang'ana kompyuta imene ndinaibisa kuseri kwa makatoni.

Zimene zinachitikazo si matsenga, ndipo ndimayesetsa kuuza aliyense wofunsa, ngakhale ambiri amakonda nkhani ya matsenga. Vairasi ya timiviyi, imene amaitcha ya shortcut, sidya mafayilo. Imawabisa. Imaika chizindikiro pa foda iliyonse chouza kompyuta kuti iyi isaoneke, mitundu ina imakokera zonse mu foda yopanda dzina ija, kenako imapanga timivi tokhala ndi mayina a mafoda ako. Iwe ukadina kamuvi poganiza kuti ukutsegula ntchito yako, ndiye kuti wadzutsa fayilo ya .vbs ija, ndipo imalowa mu kompyuta kudikira fulashi yotsatira. Windows imalemekeza chizindikiro chobisira chija, n'chifukwa chake suona kanthu. Linux ili ndi mwambo wina, imabisa mafayilo okhawo amene dzina lawo layamba ndi kadontho, ndiye chizindikiro cha vairasi sichiiuza kanthu. Fayilo ya .vbs nayo inalembedwa m'chiyankhulo chimene Windows imamva, Linux ayi. Ili ngati wakuba amene wabwera ndi kiyi wa loko ya mtundu wina.

Munthu wodziwa bwino Windows akanathanso kuwatulutsa mafayilowo ndi lamulo lotchedwa attrib. Anyamata a malo awiri aja sankalidziwa, kapena analibe nthawi. Ndipo si kuti Linux ilibe mavairasi ake. Kungoti msodzi amaponya khoka pamene pali usipa wambiri, ndipo m'mafulashi a m'boma lino usipa wonse uli ku Windows.

Ndinakopera mapepala a mayeso okhawo, ndinafomata fulashi, n'kubwezeramo. Pa Masamu tizigawo tiwiri tinali titasuntha, nambala yapamwamba itathawa mzere wake, tinakonza limodzi iwo akundiwerengera. Analipira mtengo wa kupulinta basi. Patatha miyezi itatu kondakitala wina anandisiyira kathumba ka mtedza, akuti kachokera ku Mwansambo.

Kwa asing'anga

Mawa lake ndinachotsa makatoni, ndinapukuta fumbi, n'kulemba pakapepala lamulo limene lilipobe mpaka lero: fulashi iliyonse iyambe yadutsa pakona. Mtsikana amene amandithandiza mushopu ankaona ngati n'kuchedwetsa makasitomala, koma chichokereni tsiku limenelo laputopu yakutsogolo sinafomatidwepo.

Mbiri inayenda yokha. Anthu anayamba kubwera kuchokera ku Dwangwa, ku Benga, ena mpaka ku Salima, fulashi itakulungidwa m'kapepala ngati mankhwala. Anyamata a kabaza anaipatsa dzina kompyutayo, amati kwa asing'anga. Ena ndimawathandiza, ena ayi, chifukwa fulashi imene yapsa m'kati kapena imene yafomatidwa kale n'kulembedwanso zina, palibe Linux imene ingaidzutse.

Manyazi atatha ndinayamba kuiphunzira bwinobwino, ndipo ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku inasamukira pakona. M'malo mwa Word ndimatayipira LibreOffice Writer, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a .docx. Vuto lake lalikulu ndi zilembo. Munthu akabweretsa CV yolembedwa ndi Calibri, ndipo kompyuta ilibe Calibri, imasankha zilembo zina zonenepa pang'ono, CV ya masamba awiri n'kukhala atatu, siginecha ili yokha patsamba lomaliza. Zinandichititsa manyazi kangapo ndisanadziwe kuti pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito zimene m'lifupi mwake ndi chimodzimodzi ndi Calibri, ndi Caladea zolowa m'malo mwa Cambria. Za Times New Roman ndi Arial zilipo kale, amazitcha Liberation. Nditaziika vutolo linachepa kwambiri, koma silinatheretu, makamaka pa matebulo ovuta. Ndiye chilichonse chochoka mushopu muno kupita kwina ndimachisunganso ngati PDF, imene sisuntha kulikonse kumene ingatsegulidwe.

Zithunzi za pa chiphaso ndimadulira GIMP. Makadi a ukwati amene ndayamba ndekha ndimapangira Inkscape. Koma wina akabwera ndi khadi limene linayambidwa pa CorelDRAW kwina, sindilimbana nalo, ndimapita nalo kutsogolo. Mwa mapulinta anga awiri, imodzi inangogwira ntchito nditangoilumikiza, popanda CD kapena chilichonse. Inayo ndinalimbana nayo milungu itatu, usiku ndi usiku, mpaka ndinavomera. Ili pa laputopu mpaka lero.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamandisangalatsa kuposa mmene kayenera. Pali agogo ena, mphunzitsi wopuma, amene amabweretsa zolemba za kumpingo, ndipo safuna kuona Malawi wopanda kadenga pa w. Amati Malaŵi, ndipo ukalakwitsa amabweza pepala. Pa Mint ndinasankha batani limodzi kukhala Compose. Ndikalidina, kenako ^, kenako w, ŵ uja watuluka. Agogowo tsopano amangolunjika pakona, laputopu saiyang'ana n'komwe.

Za bandulo nazo. Mint ikakhala ndi zokonza zatsopano imangoonetsa kachishango m'munsi mwa sikirini n'kudikira. Siikoka kanthu ndisanailole. Ndimalumikiza foni ndi chingwe cha USB, ndimagula bandulo ya usiku, ndipo zimatsika ine ndikuwerengera ndalama za tsikulo.

Sikirini yakuda

Mbedza ija ndinadzaipeza, ngakhale sinali pamene ndinkaiyembekeza.

Usiku wina kunagwa chimvula cha ziphaliwali, magetsi anathima n'kuyaka katatu motsatizana kompyuta ili m'kati mosunga ntchito. M'mawa nditaiyatsa sikunabwere chizindikiro chobiriwira cha Mint chija. Kunabwera sikirini yakuda, mizere ya Chingerezi chosamveka, ndipo pansi pake mawu akuti initramfs ndi kamzere kakuphethira, kudikira kuti ndilembe kanthu. Munali makadi a ukwati wa Loweruka, mayina a alendo mazana awiri amene ndinatayipa ndekha. Linali Lachitatu.

Mwana wa achemwali uja anali atapita ku Johannesburg kukasaka ntchito, foni yake siinkapezeka. Ndinamanga kompyuta pa kabaza kupita nayo kwa mnyamata amene amakonza makompyuta a maofesi ambiri kuno, munthu waluso ndithu, amene anandithandizapo kambirimbiri. Anayatsa, anayang'ana, anakanda m'mutu.

"Bwana, izi ndiye sitinaphunzire. Tingoifomata, tiikemo Windows."

Ndinaseka, iye osadziwa chimene ndikuseka. Ndinali nditakhala pabenchi pake chikwama chili paphewa, ngati Madamu aja.

Ndinabwerera nayo. Ndinatseka shopu masana dzuwa likuswa mtengo, ndinagula bandulo, n'kuyamba kukopera mawu a pasikirini aja m'foni, chilembo ndi chilembo. Ndinapeza kuti anthu ambirimbiri m'mayiko ena anakumanapo ndi sikirini yomweyi zaka zapitazo, ndipo anthu ena osawadziwa anawayankha mwaulere. Nditawerenga mofatsa ndinaona kuti kompyuta yanga inali itanena kale chimene ikufuna, ine ndi amene ndinachita mantha osawerenga. Mzere wina umati gawo la disiki lotchedwa /dev/sda5 likufunika fsck, lamulo lounika ndi kukonza disiki. Magetsi atathima, kaundula amene amasunga kuti fayilo iliyonse ili pati anatsala theka lolembedwa theka ayi, ndipo Linux inakana kupitiriza mpaka wina ataunika. Zili ngati msungichuma wa banki m'khonde amene wakana kugawa ndalama mpaka buku ligwirizane ndi zimene zili m'bokosi.

Ndinalemba fsck -y /dev/sda5. Chala chinaima pamwamba pa Enter nthawi yaitali. Nditadina, manambala anayamba kuthamanga pasikirini ngati nkhungu zikutuluka m'nyanja. Kenako zii. Ndinalemba reboot. Chizindikiro chobiriwira chinabwera, ndipo makadi onse analipo.

Ndinaimirira, ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo munalibe munthu woti ndimuuze. Madamu aja anali ndi a PEA oti awaimbire. Ine ndikanaimbira ndani m'boma lonse la Nkhotakota amene akanamva chimene chachitika? Kunyumba nditayesa kufotokoza, mayi a kunyumba anamvetsera mwaulemu n'kunena kuti, "Ndiye yachira? Sambani m'manja, kondowole akuzizira."

Chimene chimachititsa kuti vairasi asaidziwe kompyuta imeneyi ndi chomwechonso chimachititsa kuti wokonza makompyuta asaidziwe. Ukakhala pa Windows, vuto lako ndi la mudzi wonse, mnyamata aliyense pamsika ali ndi yankho, labwino kaya loipa. Ukakhala pa Linux kuno, iwe ndiwe kasitomala, iwenso ndiwe mekaniki, ndipo othandiza ako ali kutali, amalemba Chingerezi cha akatswiri, ndipo kuti uwapeze pafunika bandulo ndi netiweki. Usiku womwewo ndinatenga kope la ana asukulu n'kulemba patsamba loyamba zonse zimene ndinachita. Lero kopelo latsala masamba ochepa kuti lidzadze. Ndinagulanso disiki yapadera yosungirako ntchito za makasitomala Lachisanu lililonse, chinthu chimene ndikanayenera kuchita kalekale.

Amene amafunsa tsopano

Pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 nayo inafika pamene inafika Windows 7. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale amene timagula kuno alibe, kuphatikizapo yanga yakutsogolo. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula laputopu yatsopano ndi nkhani ya maloto kwa mphunzitsi kapena kalaliki. Ndiye anthu ayamba kundifunsa za kompyuta ya asing'anga ija, ngati ingalowenso mwawo.

Yapakonayo ndinaiwonjezera memori kufika 4 GB ndipo ili ndi Mint 22, imene idzalandira zokonza mpaka 2029. Koma sindithamangira kuthira aliyense. Ndimayamba ndafunsa kuti pulinta yanu ndi yanji, kuntchito kwanu amafuna pulogalamu yanji, ndipo sikirini ikada mudzatani. Ndathira anthu anayi. Awiri anabwerera pasanathe mwezi kuti ndichotse, wina chifukwa pulogalamu ya akawunti ya kuofesi kwawo imafuna Windows, wina chifukwa ana ake amadandaula za magemu. Sindinawanyengerere. Wachitatu anasamukira ku Kasungu, sitinamvanenso.

Wachinayi ndi Madamu aja. Anadzagula laputopu yawoyawo yakale, ndipo tsiku lomwelo anatsika nayo kuno osapita nayo kaye kunyumba.

Mwezi watha, Lamlungu madzulo ndikuchokera kunyanja kogula usipa, foni inalira.

"Achimwene, pepani ndakuvutitsani pa Sabata. Kwada kuno. Kwangolembedwa zinthu, pansi pali mawu akuti ini, init..."

"Initramfs. Magetsi anathima?"

"Batire inatha ndili m'kati molemba."

"Musaope, Madamu, ndipo wina asakuuzeni zofomata. Ndipatseni mphindi zisanu ndifike kushopu."

Ndinatsegula loko, usipa ndinauika pa fotokope, ndinatenga kope lija patsamba loyamba n'kuwaimbiranso. Ndinawauza awerenge mzere umene uli ndi mawu akuti dev. Kwawo inali sda2.

"Chabwino. Tsopano lembani zimene ndikuuzeni, zilembo zing'onozing'ono zonse. F ya fodya. S ya sukulu. C ya Chichewa. K ya kalulu. Kenako mpata."

Kumbali inayo ndinkamva nkhuku zikulowa m'khola, mwana akulira chapatali, ndi chala chimodzi chikugogoda kiyibodi.

"Ndalemba. Kenako?"